Zilumba za ku Kanyama

Tikambenji watumiza mawu pa foni:
"Amama, ndili m'sitima ya pamadzi,
tachoka ku Nakisosi, tikupita ku Parosi,
ine ndi nkhalamba yachigiriki ndimaisambitsa ija.
Madzi ake mbee, mpaka pansi kuoneka."
Kumbuyo kwa mawu ake
injini ikuguguda ngati chigayo.

Ndamvera nditaima pakhomo,
chitenje nditakwinyira m'maondo.
Mvula ya usiku yasandutsa nyumba yanga chilumba,
msika chilumba china.

Mnyamata wa wilibala akuti, "Faifi kwacha, amayi."
Ndakwera, dengu la tomato pamiyendo,
matope akumenya m'mbali, phwa! phwa!

Akaimba madzulo ndimuuza:
nanenso lero ndawoloka, mwana wanga.
Za mtundu wa madzi
sinditchula.