Mphika wa Chiswe

Bondo litakana kupalasa kabaza
ndinatsamiritsa njinga pakhoma, kwathu kwa Khombedza,
tcheni n'kuyamba dzimbiri ngati chikundinyoza.
Pakhomo panatsala izi:
mathadzi atatu, mmodzi kameta,
ndi tambala wobwereka kwa Abiti Twaibu
amene anati, "Udzabweze ndi msoti, osati ndi nkhani."

Chakudya cha m'matumba cha pa Kamuzu Road
ndinangofunsa mtengo
n'kubwerera ndikuseka ndekha njira yonse.

Ndiye ndinaphunzira kugwada.
Madzulo ndimatenga mphika wong'aluka,
ndowe youma, zitsononkho, mapesi ofumbwa,
kuwaza timadzi,
n'kuuvundikira m'mbali mwa chulu.
M'mamawa ndikavundukula,
chiswe piringupiringu!
Anapiye amaiwala kuti ndine munthu,
kundikwera pamapazi, jompho, jompho.

Madeya ndimapempha kuchigayo;
a mpunga wa ku Lifuwu akapezeka, ndi ukwati.
Fumbi la bonya limene amalonda amakutumula m'madengu
ine ndimasesa. Manyazi ndinasiya pasiteji.
Masamba a chammwamba ndimayanika pamthunzi,
dzuwa la kuno limaba mtundu ndi mphamvu yomwe.
Zigoba za nkhono, kuwotcha, kusinja,
kuti dzira lisatuluke lofewa
ngati lonjezo la wokwera pangongole.

Utitiri unabwera ndi Okutobala.
Kameta anathawa mazira ake asanu ndi anayi,
timadontho takuda titamuzinga m'maso.
Ndinatentha udzu wa m'chisa,
phulusa m'ming'alu monse,
pansi masamba a nimu ndi mapesi a fodya.
Panja ndinakumba kadzenje ka phulusa ndi mchenga.
Mukanaona kusamba kwake, mapiko tambalale,
ngati mabwana opanda kopita.

Koma ndisaname.
Chitopa chitadutsa ndi mphepo yotentha ija
ndinasinja tsabola, ndinafinyira alovera m'madzi,
ndinapemphera mpaka mawu kusasa.
Zinafa khumi ndi imodzi.
Makosi opindika, kuwodzera masana.
Ndinazikwirira kuseri kwa nkhokwe,
tambala wa eni ali pamwamba.
Abiti Twaibu anaima pampanda nthawi yaitali,
kenaka: "Tsabola ndi wa chimfine, mwanawe.
Ichi chimafuna kadontho ka m'diso."
Lero mnyamata wa katemera akangoliza belu
woyamba ndine, dengu pamutu,
ngongole ya msoti itasanduka iwiri.

Khola ndinalikweza pamitengo inayi,
likongwe azingonunkhiza pansi.
Zitosi ndimakokolola Loweruka, ulendo ku mpiru ndi maungu,
masamba odyedwa ndi mbozi n'kubwerera kwa eni manyowa,
mbozi zake zomwe.

Kabawi yekha ndiye sitinamvane.
Amafika cha m'ma teni, mthunzi wake patsogolo,
thadzi n'kukuwa, ana onse lowu pansi pa nandolo,
ine ndi bondo langa kuthamanga mochedwa,
kutukwana kumwamba.
Dzulo watenga mmodzi, woyera uja.
Ndinawerenga kawiri, katatu,
ngati kuwerenga kumabweza.

Mwana wanga Zelifa amalemba kumapeto kwa kope la masamu:
mazira sikisi kwa aphunzitsi,
atatu ngongole,
awiri tadya.
"Tadya" amalemba ndi zilembo zazikulu,
n'kudula mzere pansi.

Usiku ndimamva anzanga akuweruka kusiteji,
mabelu ngiringiri, m'matumba muli kanthu.
Mtima umawaperekeza mpaka pamlatho
n'kubwerera wokha.
Ndimatenga tochi, kusuzumira m'khola:
kameta wafungatiranso, diso limodzi lili pa ine,
ndipo pansi pake timilomo tosaoneka
tikugogoda chigoba kuchokera m'kati.

Sindikhudza.
Ndizimitsa tochi,
nditsimphina kupita kuchulu
kukaona ngati mphika wakhala bwino.
Mawa kuli pakamwa patsopano.