Madzi a Lero pa Thanthwe

Ndadzuka tambala wa kwa Zuze asanalire kachiwiri,
ndadutsa m'munda wa thonje
mame akundinyambita akakolo,
thabwa langa pamutu.
Si thabwa wamba ayi,
ndi nthiti ya bwato la mtondo la malemu atate
lomwe mvuu inaswa chaka chomwe ndinasiya sukulu.

Kumunsi kwa Kapichira,
pomwe Shire watopa ndi kugwa,
pali thanthwe logona m'madzi ngati ng'ombe yobzikula.
Alendo opita ku Majete salidziwa.
Asodzi amalilambalala, ati limadya maukonde.

Madzi akachuluka limamira,
mtsinje umangoti see, palibe chako.
Akachepa limatulutsa mano,
bondo la Fulukiya ndi mboni mpaka lero.
Koma akafika pa muzu wachitatu wa mkuyu,
mwera n'kuchokera ku Nsanje
kudzakankha mtsinje pachifuwa,
funde limaima.
Limaima pamodzimodzi, silipita kwina,
madzi okha ndiwo amadutsa pansi pake
ngati anthu pa mlatho wa Kamuzu tsiku la msika.

Lero madzi ali pa muzu wachitatu,
kuperewera chala chimodzi.
Mtundu wake ndi wa tiyi wothira mkaka wobwereka.
Namasupuni akutsika m'magulumagulu,
kumtunda kwachitika kanthu usiku.
Mphepo sinadzuke.
Bango langoti njo, ngati ana pamaso pa mphunzitsi.

Ndawerenga ng'ona pa mchenga wa tsidya.
Dzulo zinali ziwiri.
Lero imodzi.
Ndawerenganso. Imodzi.

Ndiye ndakhala pansi.
Kudikira nayonso ndi ntchito,
ngakhale mkazi wanga savomereza.
Kale tinkadikira anayi.
Fulukiya akudula nzimbe ku Nchalo,
Joaki anawoloka, akuti ali ku Tete,
wachinayi sitimutchula pafupi ndi madzi.

Dzuwa litafika pa msinkhu wa mgwalangwa
wabwera Dinyero, mbusa wa mbuzi za eni,
atanyamula chitseko chothyoka cha khola.
Sanandipatse moni.
Waloza tsidya ndi mlomo:
yachiwiri ija yatuluka, yayasamula,
yagona pafupi ndi inzake.
Tonse tapuma.

Kenako bango lagwada.
Mwera wafika ndi fungo la nzimbe zopsa,
khungu la mtsinje lachita tsemwe,
ndipo pa thanthwe paja
madzi adzuka ngati msana wa nkhunzi,
milomo yake yoyera thovu.

Ndalowera kumtunda, pa mwala wa nantchengwa,
chamimba, manja akupalasa,
mtsinje wanditenga ngati ngongole yakale.
Phwa! m'dzenje la funde.
Thabwa lanjenjemera, lafuna kuthawa, lagwira.
Bondo limodzi. Linalo.
Ndaima.

Shire yense akuthamanga pansi pa mapazi anga,
matope a ku Neno, zinyalala za ku Matope,
chitsononkho, patapata wa mwana,
zonse ulendo wa ku Zambezi,
ine ndekha wosapita.
Ndamva Dinyero akuwerenga mokuwa,
zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri,
kenaka sindinamvenso kanthu
koma mkokomo, mdima wofiirira,
mchenga m'mano.

Ndavuukira pa bango, thabwa lili m'khwapa.
Maso anga ayamba apita tsidya.
Ziwiri.

Dinyero wayesa katatu pa chitseko chake,
katatu funde lamulavula,
akuseka, magazi pang'ono pachigongono.
Kachinayi mphepo yatembenuka,
funde lakhala pansi ngati munthu womva uthenga.
Basi, zathera pomwepo.

Pobwerera nthaka yayamba kuwotcha mapazi.
Mbuzi za eni zalowa m'mapira a Zuze,
mnyamata wathamanga, chitseko wasiya m'njira.
Kunyumba andifunsa za nsomba.
Ndiwauza kuti madzi akutsika,
mawa muzu wachitatu ukhala pamtunda,
mawa ndipita kukapalira thonje.