Zala Zisanu ndi Zitatu

Kwa Eino Rautio, wa ku Duluth

Galaja ndaitsegula lero, Bambo,
milungu itatu chikuikireni m'manda.
Fungo la oyilo landilonjera pakhomo
ngati galu amene sanauzidwe za maliro.
Magalasi anu ali pomwe munawasiya,
mwendo umodzi womangidwa ndi waya,
akuyang'ana makina opalira zitsulo
omwe munkati ndi aakulu kwa ine,
ndiziwapatsa ulemu.

Munapita ku Korea ndi zala khumi,
munabwerako ndi zisanu ndi zitatu.
Si chipolopolo, munkatero, chisanu basi,
chinandiluma paphiri lopanda dzina, la nambala chabe.
Nkhani ya nkhondo inkathera pomwepo.
Tikafunsanso munkayatsa makina,
phokoso n'kuyankha m'malo mwanu.
Mendulo ndaipeza m'chitini cha khofi,
pansi pa mabawuti a dzimbiri.

Zaka makumi atatu ndi zinayi kufakitale ya kudoko,
kusema magiya a zombo zonyamula miyala ya chitsulo.
Tsiku lina munayeza tsitsi langa limodzi,
ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
n'kunena kuti: lakhuthala ili,
ine nditaphonya muyezo chonchi, ntchito yatha.
Ndinalira. Ndinkayesa mukunyoza mutu wanga.

Usiku ndiye munkakhala inu weniweni.
Zambiri zomwe munatulukira sizinagwire ntchito,
tisanamizane.
Chokankhira chipale chofewa chija
chinagumula mpanda wa a Lindgren.
Chodyetsera mphaka pa nthawi yake
chinathawitsa mphakayo mlungu wathunthu.
Amayi ankati nyumba ino idzapsa ndi nzeru.

Koma chimodzi.
Arvid Koskela, mnzanu wa paphiri lija,
chisanu chinamulanda manja onse awiri,
ndipo m'mawa uliwonse mkazi wake ankamumanga mabatani
iye maso ali kudenga.
Miyezi isanu munapala, kutaya, kupalanso
kangowe ka mkuwa kokhala ndi sipuling'i,
komangirira pamkono ndi lamba.
Lamlungu lina anatulukira kwathu yekha,
malaya atamanga mpaka pakhosi.
Sananene kanthu. Inunso ayi.
Munamwa khofi n'kumakangana za nyambo ya nsomba.

Anthu a masuti anachokera ku Chicago
ndi mapepala oti musaine.
Munawapatsa chojambula chake ulere,
iwo n'kutuluka akuyang'anana.
Inu munapitiriza kupala tina, mazanamazana,
n'kumatumiza pa positi kwa anthu omwe simunawaonepo.
Makalata awo ali m'katoni ya nsapato,
zilembo zokhotakhota,
zina zolembedwa cholembera chili pakamwa.

Simunali munthu wapafupi.
Ku ukwati wanga munafika mochedwa, girizi ali m'zikhadabo.
Usiku wa chikondwerero, kumwamba kukamaphulika mitundumitundu,
munkadzitsekera m'chipinda chapansi, wailesi ili pamwamba,
ndipo tsiku lotsatira sitinkakuyandikirani.
Mawu oti ndimakukonda sanadutsepo pakamwa panu,
koma chitseko changa sichinalirepo,
mpope wanga sunadonthepo,
njinga ya mwana wanga inkachira yokha usiku.

Kumanda asilikali awiri, ana enieni,
anapinda mbendera mosamala.
Lipenga linalira, mphepo ya kunyanja n'kulidula pakati.
Anandipatsa nsalu ya ngodya zitatu,
yopepuka kuposa nyundo yanu.

Patebulo pali chinthu chomwe simunamalize:
timawilo tiwiri ta mano, kandodo kopindika,
ndi pepala lomwe munalembapo kuti,
Lachiwiri, yesanso.
Sindikudziwa munkafuna chizichita chiyani,
kaya ndani ankachidikira.
Ndachitembenuza, ndachipukusa,
chikungoti kwe, kwe, n'kuima.
Ndachidonthezera oyilo.
Getsi ndazimitsa,
makiyi ndawakoleka pamsomali womwe uja.