Khutu Long'ambika

Zaka makumi awiri ndi zinayi
ndakhala ndikusema njovu pakhonde langa ku Chilobwe,
m'mawa n'kukaziyala pa chiguduli m'tauni,
pafupi ndi banki, pamthunzi wa jakaranda.
Zazikulu, zazing'ono, zina zogwirana michira
zikuwoloka mlatho wa phingo.
Koma njovu yeniyeni, yopuma mpweya,
ndinali ndisanaionepo.
Ndinkaonera pa kalendala yakale ya m'sitolo ya mmwenye
imene malemu atsibweni anandisiyira
pamodzi ndi kasemasema wawo.

Ndaziona, mwana wanga wachiwiri,
atalandira malipiro ake oyamba
sanagule foni.
Anati, "Ababa, Loweruka musakayale malonda."
Ine n'kuvala jekete ya ku tchalitchi,
poti sindinkadziwa kuti kwa njovu amavala chiyani.

Tinanyamuka m'bandakucha, phiri la Soche litafunda nkhungu,
galimoto yobwereka ikutsokomola pa Milare,
kenaka kutsetsereka m'makhotamakhota a ku Thabwa,
makutu kutsekeka,
Shire atagona kumunsi ngati lamba wotayidwa.
Jekete ija ndinavulira pa Chikwawa,
thukuta lili kamukamu.

Pachipata cha Majete mnyamata wa mfuti, dzina lake Sandalamu,
anatipatsa malamulo:
osatsika, osakuwa, osatulutsa mkono.
Tinaona nswala mpaka kutopa nazo,
njiri zikuthawa michira ili njo ngati mlongoti wa wailesi,
mvuu zikuyasamula ngati alonda a ku Limbe m'mamawa.
Dzuwa linafika paliwombo.
Njovu ayi.
Ndowe zokha, zofuka nthunzi, pakati pa msewu.
Mumtima ndinati, ndalama za mwanayu zalowa m'madzi.

Kenaka Sandalamu anazimitsa injini.
Chimene ndinkayesa chulu, kuseri kwa mitengo ya tsanya,
chinapukusa khutu.

Abale, ndakhala ndikunama zaka zonsezi.
Njovu zanga n'zosalala, zonyezimira ndi polishi wa nsapato.
Iyi inali ndi makwinya ngati chigongono cha nkhalamba,
fumbi lofiira pamsana,
khutu lakumanzere long'ambika,
mnyanga umodzi wothyoka kunsonga.
Ndipo sinkamveka poyenda.
Chinthu cholemera kuposa minibasi yodzaza anthu ndi matumba
chinadutsa pamaso pathu
ngati munthu wotuluka m'chipinda cha wodwala.

Ili ndi nsidze!
Palibe anandiuzapo kuti njovu ili ndi nsidze.
Inandiyang'ana kamodzi, diso laling'ono, lonyowa,
osandidziwa n'komwe,
ine amene ndalipira fizi ya ana anayi m'dzina lake.

Ndaziona ankajambula ndi foni ya mnzake.
Ine manja anga ankangoyenda okha pabondo,
kuyeza pamene khosi limathera,
pamene phewa limayambira.
Pobwerera sindinalankhule mpaka tinaona magetsi a ku Sunnyside.

Tsopano patha masabata atatu.
Ndasema ina, ndi mlombwa,
khutu long'ambika, mnyanga wothyoka,
makwinya onse ndi nsonga ya mpeni, usiku, pa kandulo.
Polishi sindinaipake.
Dzulo mlendo wina anaitembenuzatembenuza
n'kunena kuti ndi yowonongeka, nditsitse mtengo.
Chikaonda, mnzanga wogulitsa zipewa za mlaza, amaseka:
"Akulu, ukalamba wayamba, mpeni ukuterereka."

Asiyeni aseke.
Zosalala zija zikugulidwabe, ndiwo tikudya,
ndipo mawa ndisemanso zina zitatu zogwirana michira.
Koma iyi imaima payokha kumapeto kwa chiguduli,
itafulatira magalimoto ndi fumbi la m'tauni,
chitamba chitaloza kumene msewu wa ku Chikwawa umayambira.
Mvula ikawopseza kuchokera ku Ndirande
ndimayamba kukulunga iyo m'nyuzipepala,
zinzake pambuyo.
Mtengo wake sindinaulembe.
Ndaziona akafunsa, ndimati wogula sanapezeke.