Mapedulo a ku Keswick

Mayi wa pashopu ya njinga ku Keswick
anatiwerenga ndi nsonga ya cholembera:
zazikulu ziwiri, yaing'ono imodzi,
ndi kangolo kokokeramo khanda.
Ndinavomera ndi mutu.
Sindinamuuze kuti zaka makumi atatu ndi mphambu
ine ndakhala katundu wa pakaliyala,
miyendo mbali imodzi, chitenje chopanidwa m'mawondo,
maso pamsana wa mnyamata wa kabaza
kuchokera pa Lizulu mpaka kwathu.

Bambo a Mwatitha ankadziwa.
Anangoti phee, n'kumamanga lamba wa chisoti cha mwana
mofatsa ngati akusoka bala.

Njirayo kale inali ya sitima.
Njanji anazula, anathira phula,
milatho yokha ndiyo inakana kusamuka.
Mtsinje wa Greta umadutsa pansi, n'kubwerera, n'kudutsanso
ngati munthu woiwala makiyi kunyumba.
Phiri la Blencathra linali litafunda nkhungu mpaka m'khosi,
nkhosa za utoto pamsana
zikudya m'mipanda ya miyala yopanda simenti.

Ine ndinkakankha.
"Ndikuona kaye malo," ndinatero.
Nkhalamba ya miyendo ngati mapesi
inandipitirira, belu ngiriri,
n'kundifunira tsiku labwino mvula ili kuwaza.

Mwatitha anatembenuza kanjinga kake.
Zaka zisanu ndi chimodzi,
dzino lakutsogolo linaguluka Lachiwiri lomweli.
M'Chichewa chake chopindika cha ku Carlisle anati,
"Amayi, mukuopa?"
Ndinati ayi.
Anayang'ana manja anga pahandulo
ndipo sanafunsenso.

"Musayang'ane tayala.
Yang'anani komwe mukufuna kukafika."
Kamwana komwe ndinakaphunzitsa kugwira supuni
kanagwira chishalo changa ndi timanja tiwiri
ngati kangaletse ng'ombe kugwa.

Koyamba ndinagwera pa udzu.
Kachiwiri m'masamba oyabwa a kuno,
ang'ono ake a chitedze.
Ndinatukwana chamumtima,
bambo ake akuyang'anitsitsa mtengo wina
mapewa akugwedezeka.

Kenako mphanga ya sitima inayasama patsogolo.
Munali mozizira, fungo la mwala wonyowa,
madzi akudontha kudenga, tho, tho.
M'chimdima chija munalibe wondiona,
ngakhale tayala lenilenilo sindinkaliona.
Phazi linapeza pedulo.
Linzake linatsatira losaitanidwa.
Kutsogolo kunali kabowo kowala, kochepa ngati khobidi,
ndipo ndinakayang'ana, poti china choyang'ana panalibe.
Kanakula. Kanakulabe.
Ndinamva mwana akufuula kumbuyo, kutali,
khoma likumubwezera mawu:
mukupalasa, palasa, lasa!

Ndinatulukira m'kuwala ngati chipolopolo cha legeni,
mayi wa ana awiri, jekete ikukupiza,
mphepo ikulowa m'kamwa moti ndinazindikira kuti ndikuseka.
Za kuima palibe anandiphunzitsa.
"Buleki! Buleki!" bambo ake anakuwa.
Mpanda ndiwo unamva msanga.
Nkhosa imodzi inadzutsa mutu, inandiyeza,
n'kubwerera ku udzu wake.

Tinadyera masangweji pa benchi yonyowa ku Threlkeld,
tiyi wa m'fulasiki atapola kale.
Nthanda anadzuka m'kangolo, tsaya lili ndi chidindo cha lamba,
zonsezi zitamudutsa ali mtulo.

Madzulo mayi wa pashopu anafunsa za ulendo.
Anaona girisi pa thalauza langa, tsamba m'tsitsi.
Mwatitha anaimika zala, mpata wa dzino uli poyera:
"Amayi agwa katatu kokha."

Mawa ndi Lolemba,
basi ya sikisi koloko, yunifolomu, okalamba ofuna kusambitsidwa.
Koma usiku uno, nyali zitazima,
bondo likuwawa, mkono ukuyabwabe,
bambo a Mwatitha andigwedeza:
"Iwe, ukundiponda."
Miyendo yanga pansi pa bulangete
ikanali m'mphanga muja.