Funso Lomaliza ku Nchalo

Satifiketi yanga ili ndi chipsera cha madzi.
Chaka chija Ruo adalowa m'nyumba ku Makhanga,
amayi adaisenza pamutu, m'chidebe,
mbuzi n'kuzisiya.

Nsapatozi ndi za Zuze. Zikundiluma.
Ya basi ndakongola kwa Alufandika,
ndidzabweza thonje likagulidwa.

Pabenchi tili awiri.
Mnzangayu watsika m'galimoto ya amalume ake,
mlonda wam'lonjera pom'tchula dzina.
Akuti akapanda kum'patsa miliyoni
abwerera ku Blantyre, kuno n'kotentha.

M'kati, mphepo yozizira ya makina.
Mafunso onse ndawaswa ngati mtedza
mpaka lomaliza:
“Mukuyembekeza kumalandira zingati?”

Kukhosi kwauma
ngati mtsinje wa Mwanza mu Okutobala.
Mumtima ndawerengera matumba awiri a chimanga,
fizi ya Nyamazao, malata asanu,
mizere ya nzimbe imene abambo ankagwetsa
osafunsidwapo funso lotere.
Kwathu mtengo amatchula ndi mwini sikelo.

“Zilizonse, bwana.”

Walemba msangamsanga, akumwetulira.

Panja phulusa la nzimbe likugwa pamalaya.
Ndavula nsapato za Zuze,
ndazinyamula m'manja.