Khosi la Kakowa

Bambo anayamba ndi ngolo.
Kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Salima,
pansi pa malata atatu obwereka,
ankawotcherera magudumu
ndi zitsulo za m'mawindo a anthu oopa akuba.
Usiku maso awo ankadzaza mchenga,
mayi n'kuwaika mbatatesi yaiwisi pazikope.

Kenako a Mdala Saizi anayamba kumanga nyumba yosanja.
Anyamata ankaponyerana njerwa m'mwamba,
imodziimodzi, akuimba,
mpaka ina inapulumuka
n'kutera paphewa la Lifeyo.
Mkono umenewo sunadzukenso.

Bambo anakhala sabata yathunthu osaseka.
Anakagula thalakitala yakufa ku Lifuwu,
magiya a chigayo chopsa,
ndi chingwe chachitsulo chomwe a padoko ku Chipoka
anachiyesa zinyalala.
Choyamba chinagwa chisananyamule kanthu.
Chachiwiri chinapinda khosi anthu akuona,
amayi ogulitsa mandasi anaseka mpaka kugwira nthiti:
a Dafuleni azungulira mutu,
akuweta kakowa wachitsulo!

Chachitatu chinalira, chinanjenjemera,
chinatola matumba anayi a simenti
n'kukawatula pamwamba ngati mazira.
Panali zii.
Dzina lachipongwe lija bambo analitola pansi,
analipukuta fumbi,
n'kulilemba pageti ndi penti yoyera.

Musaganize kuti kuchokera apo njira inasalala.
Kunali chaka chomwe tinabwerera ku mawindo,
banki itatilanda jenereta.
Magetsi ankathima chitsulo chikadali chofiira.
Mmisiri wathu wamkulu anathawa ndi mapulani
n'kukatsegula yake ku Lilongwe;
anatseka mvula isanagwe kawiri.
Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu,
ndinkalemba malisiti kumapeto kwa kope la masamu.

Odula nzimbe ku Dwangwa anaitanitsa awiri.
Omanga mlatho anafuna wautali,
tinauyezera pabwalo la mpira
chifukwa shedi inachepa.
Lero akakowa athu aima ku Kasungu, ku Mchinji,
wina ndinamuona ndili m'basi, ali chilili m'mitambo,
ndinafuna kuuza amene ndinakhala naye pafupi
koma anali mtulo.

Tili anthu makumi anayi ndi asanu ndi awiri tsopano.
Mapulani ndimajambula pakompyuta.
Bambo saonanso bwino,
amabwera Lachisanu ndi sipanala yakale m'thumba,
kugogoda mfundo iliyonse, khutu lili pachitsulo.
Ikalira ngati mbale yosweka
amangoti, Esinta, mwathamanga apa,
ndipo timadula n'kuyambiranso,
ngakhale lole ili pageti injini ikulira.

Womaliza kuyesa ndi Lifeyo.
Imvi zamera, malaya amapinda mbali imodzi yokha.
Amakhala pampando, kugwira chiwongolero
ndi dzanja lomwe linatsala,
kukweza mtolo wa njerwa mazana awiri
kupitirira nsonga ya mtengo wa mango,
kuusiya ulendewere kanthawi,
akuuyang'ana,
ife tonse titaima patali.

Akautsitsa salankhula zambiri.
Amapempha tiyi,
n'kusayina pepala ndi zilembo zopendekera kumanzere.